Tsiku Limene Mano a Yotamu Anamatana

Ikani mafoniwo m'matumba, ana inu, mutchere khutu. Mwambi uwu unayamba motere, ndipo amene amati ngwakalekale sanali ku Ntchisi tsiku limenelo.

Kunali bambo wina dzina lake Yotamu Chikakuda, katswiri wa makompyuta. Ntchito ankaidziwa ndithu, ndipo mtima wake unali wabwino, koma kufunsa munthu ankakuona ngati kuvula malaya pakati pa msika.

Bungwe la alimi a njuchi kumeneko linalandira seva, chikompyuta chachikulu chosunga mayina a alimi onse. Mayinawo anali ataikidwamo kale, chotsala chinali kuiyatsa basi. Pofika folo koloko tsikulo anayenera kutumizidwa kulikulu, apo ayi ming'oma yatsopano mazana atatu ikanapita kuboma lina. Ntchito yoiyatsayo inapatsidwa kwa Yotamu. Woyang'anira nyumba ya bungwelo anali mayi Nasibeko, mkulu wake wa mkazi wa Yotamu.

"Alamu," anatero Nasibeko pomutsegulira chipinda chosungira katundu, "pa za magetsi a muno pali kanthu kena..."

"Alamu, inu ndi njuchi, ine ndi mawaya," anamudula Yotamu akumwetulira. "Kodi ine ndinakuphunzitsanipo kufula uchi?"

"Pepani, akatswiri," anatero mayiyo, nabwerera kuntchito yake.

Yotamu anakweza seva pashelefu, namanga masikuluwu onse, nalowetsa chingwe m'soketi yapafupi. Anadina batani. Zii. Anadinanso mwamphamvu, ngati kuti sevayo inali yogontha. Zii.

Anatsegula chivindikiro, nazula timakadi ta m'kati, natiuzira mpweya, natibwezera. Palibe. Anasintha chingwe. Palibe. Anachotsa kabokosi kolandirira magetsi naikamo kena kamene anabwera nako, koma nyale ngakhale imodzi sinaphethire. Dzuwa linafika paliwombo thukuta lili kamukamu, iye akuinyengerera sevayo ngati mwana wokana phala.

Potsiriza anaganiza zoyesa soketiyo ndi tchaja ya foni yake, imene inali itazima kale chifukwa chounikira m'makinamo. Soketi inali yakufa! Apa munthu wina aliyense akanatulutsa mutu pakhomo n'kuitana alamu ake. Koma Yotamu anaona chingwe chodutsa m'munsi mwa khoma, chopita ku makina ofinyira uchi m'chipinda china.

"Magetsi ndi magetsi," anadziuza, nalumikiza seva pomwepo.

Phaa! Makina a uchi analeka kulira, wailesi ya amayi ogwira ntchito panja inakhala chete, nyumba yonse inazima. Chipindacho chinalibe zenera, ndiye mdima unangoti bii.

"Alamu, muli moyo?" anafuula Nasibeko ali kunja.

"Zonse zili bwino! Ndikuyesa chabe!"

"Chabwino. Chigumu chanu ndinasiya patebulo muja munkalankhula ndi makinamo. Idyani kaye mtima ukhale pansi."

M'chipindamo munali matebulo awiri. Yotamu anatsegula pakamwa kuti afunse, koma anachita manyazi n'kutsekanso. Anafufuza mumdimamo, ndipo dzanja lake linagwira chinthu chamakona anayi, chosalala, chonunkhira uchi. "Alamu angawa sanaumire uchi lero," anaganiza. Njala inali itamupweteka, choncho analuma chibenthu chachikulu natafuna ndi mtima wonse.

Anatafuna kamodzi, kawiri, kachitatu. Kachinayi nsagwada zinakana kutseguka. Mano akumwamba ndi akumunsi anagwirana ngati abale okumana pamaliro. Tsopano, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Yotamu anafunitsitsa kufunsa, koma chotuluka chinali "Mmm! Mmmm!" basi.

Nasibeko analowa ndi tochi. Anaunika nkhope ya mlamu wake, naunika patebulo pamene panaunjikidwa zidina za phula zodikira ogula, chimodzi chili ndi chizindikiro cha mano. Chigumu chinali phee m'mbale patebulo linalo. Mayiyo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Amayi inu, bwerani ndi tiyi wotentha! Akatswiri atseka pakamwa!"

Yotamu akupsontha tiyi pang'onopang'ono kuti phulalo lifewe, Nasibeko anazula seva pachingwe cha makina a uchi, nakakweza swichi yaikulu pakhonde. Magetsi anabwerera. Kenako anakankha chitseko, ndipo kuseri kwake kunali soketi yatsopano yofiira.

"Iyi anaika sabata yatha, yochokera ku mabatire a sola, ya seva yanuyo yokha. Ndi zimene ndimafuna kukuuzani m'mawa muja."

Yotamu analowetsa chingwe nadina batani. Tinyale tobiriwira tinayamba kuphethira, tizipupiza mphepo ta m'kati tinalira fuu, ndipo mayina anapita kulikulu kutatsala mphindi makumi awiri. Amayi panja analuluta.

Nsagwada zitamasuka, Yotamu anayang'ana mbale ija nthawi yaitali, kenako anati motsitsa mawu, "Alamu, ichi ndiye chigumu?"

"Ndi chomwecho, alamu. Idyani, mwafunsa."

Madzulo mkazi wake anadabwa kuona mwamuna wake akutokosa m'mano ndi kamtengo, nafunsa mkulu wake chimene chinachitika kuntchito. Nasibeko anapukuta misozi ya phwete ndi nsonga ya chitenje, nati, "Palibe choopsa, mng'ono wanga. Safunsa anadya phula."