Ndinathyola Phiko la Ndege ya Azungu

Ndiyambe ndi kunena kuti mpaka lero sindikuvomera kuti ndinalakwa. Inde, tayi anandilanda, ndipo m'hotela yathu muli khonde lina limene sindiloledwa kupondamo ngakhale ndi chala. Koma amenewo ndi maganizo a mabwana. Inu imvani kaye nkhani yonse, kenako muweruze nokha.

Kuno ku Dubai ndinabwera kudzatsuka mbale. Ndinatsuka mpaka zala zinatuwa, kenako Mulungu anandikumbuka: anandikweza kupita ku gulu loperekera zakudya pa maphwando. Anandipatsa malaya oyera, tayi yakuda yonga gulugufe, ndi chenjezo loti akundiyesa kaye. Kulakwitsa kamodzi kokha, kubwerera ku masinki, kapena kwathu kwenikweni ku Mchinji viza itadulidwa. Ndinalumbira kuti ine ndiye sindilakwitsa.

Sabata imeneyo kunali chionetsero cha ndege, ndipo hotela inadzaza ndi anthu ozigulitsa. (Inenso poyamba sindinkadziwa kuti ndege amaigulitsa ngati njinga, wogula n'kumanenerera mtengo.) Makampani opanga ndege anali awiri, ina ya ku Amereka, ina ya ku Ulaya. Onse ankanyengerera kampani imodzi ya konkuno yonyamula anthu, imene inkafuna kugula ndege zatsopano zambirimbiri nthawi imodzi, ngati amayi ooda tomato pa Lizulu.

Supavaiza wathu, a Suresh, mmwenye wamfupi amene sayenda koma kuthamanga, anatisonkhanitsa m'mawa.

"Magulu awiriwa asakumane," anatero. "Mu lifiti ayi, pakhonde ayi, ngakhale kuchimbudzi ayi. Mwamva? Khalas, nkhani yatha."

Chifukwa chake sananene. Amene anandimasulira ndi a Tembo, mnzanga wa ku Chipata amene timagona chipinda chimodzi ku kampu ya ku Muhaisnah. Iwo ndi mlonda wa pakhomo lalikulu la hotelayo, ndipo mlonda amamva zonse. Tinali m'basi ya kampani, titakanirira pa mzere wa magalimoto monga mwa masiku onse.

"Ni sabuside, mudala," anatero a Tembo. "A ku Amereka akuti maboma a ku Ulaya amapatsa kampani yawo ndalama kuti ndege zawo zitchipe. A ku Ulaya nawonso akuti iyayi, boma la Amereka ndiye limachita zimenezo. Akhala akusumirana kukhoti la zamalonda zaka maningi. Manje anafika mpaka pokwezerana msonkho wa tchizi ndi kachasu wa azungu uja."

"Tchizi walakwa chiyani?"

"Mukawafunse eni ake."

Koma ine nditamva mawu oti sabuside ndinakhala tsonga. Abale, nkhani zina zikhoza kundidutsa, koma ya sabuside ayi. Ndine wa ku Mchinji ine. Malume anga a Gelesomu ndi aneba awo a Yohane anatha zaka osapatsana moni, aliyense akulengeza mudzi wonse kuti mnzake analandira makuponi a feteleza mwachinyengo, pomwe iye mwini sanaonepo ngakhale thumba limodzi. Chaka china chimphepo chinasasula madenga a nyumba zonse ziwiri, ndipo mudzi wonse unaona matumba a feteleza ataunjikidwa kuseri kwa bedi, uku ndi uku.

Ndinawauza a Tembo kuti nkhani ya azunguwa ndaimvetsa kuposa makhoti awo.

"Mvetsani chamumtima, mudala," anatero. "Pakamwa mutseke."

Malangizo abwino ndithu. Kungoti sindinawapemphe.

Masiku oyambawo ndinagwira ntchito ngati mngelo. A ku Amereka akamatsika, ine ndinkachedwetsa a ku Ulaya ndi khofi. A ku Ulaya akamapita kukadya, ndinkawazungulitsa njira ya kumaluwa. A Suresh anafika pondisisita paphewa, chinthu chimene sachita ngakhale kwa mwana wawo.

Kenako chisankho chinatuluka: ndege zigulidwa kwa a ku Amereka. Mwambo wosainirana unali masana m'holo yaikulu. A ku Ulaya, poti mzungu safuna kuoneka wogonja, anachititsabe kaphwando kawo m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde lomwelo. Ndipo magulu onse awiri anali ataitanitsa keke yooneka ngati ndege yawo.

Apa mumvetsere bwino, chifukwa mlandu wanga wonse wagona pamenepa. Ndinalowa m'chipinda chozizira n'kupeza ndege ziwiri, iliyonse pa ngolo yake. Zonse zoyera. Zonse mapiko awiri, mchira umodzi, timawindo ta chokoleti. Dzina panalibe. Shefu wa makeke ankati aika timbendera pomaliza, koma nthawi imeneyo anali panja akukangana ndi wobweretsa mazira. Kusiyana kwake, monga anadzandiuza pambuyo pake anthu okwiya kwambiri, kunali pa mphuno: ina yosongoka, ina yobulungira. Mphuno! Ine ndege ndinakwerapo pobwera kuno basi, ndipo tinalowera m'kakhonde kotsekeka, kunja kwake osakuona n'komwe. Mphuno yake ndikanaidziwira kuti?

M'khutu mwanga kawailesi kankangolira mawu a a Suresh: "Keke! Keke ili kuti? Yalla, jaldi jaldi, fulumira!"

Ndinaganiza monga munthu aliyense wanzeru akanaganizira: wopambana ndiye amadya keke yaikulu. Ndinagwira ngolo ya ndege yonenepayo n'kuuyamba.

Zitseko zinatseguka, nyimbo inalira. Ndinalowa pang'onopang'ono, chifuwa patsogolo, monga anatiphunzitsira. Kutsogolo kunaima bwana wamkulu wa kampani yogulayo, Mwarabu wamtali wa mkanjo woyera, atagwira lupanga lodulira keke. Pambali pake panali mayi wa ku Amereka, mkulu wa ogulitsawo, akumwetulira mano onse pamtunda. Atolankhani anali atandanda ndi makamera awo.

Ndinaimika ngolo pakati pa awiriwo. Anthu amene anayamba kuwomba m'manja anasiya mmodzimmodzi. Mano a mayi uja anatsala pamtunda, koma maso anali atasanduka ena. Ine ndinayesa kuti agoma ndi kukongola kwa kekeyo, ndiye ndinaima pomwepo, dzanja limodzi kumbuyo, linalo likuloza ndegeyo ngati ndaipanga ndine, n'kumwetulira. Makamera anangoti ng'ani ng'ani ng'ani.

Mwarabu uja anayang'ana keke, anayang'ana mayi uja, n'kufunsa mofatsa kwambiri: "Mayi, kodi mukundiuza kuti ndikanagula iyi?"

Anthu anafa nalo phwete. Mayi uja sanaseke.

A Suresh anatulukira pambali panga ngati mzukwa. "Ichotse," ananong'ona. "Ichotse, ichotse, ndi ya enawo!"

Tsopano, kukankha ngolo kupita kutsogolo anatiphunzitsa. Kubwerera nayo chafutambuyo sanatiphunzitse, ndipo mfundo imeneyi ndikufuna imveke. Pofika pakhomo, phiko lakumanzere linagunda chitseko, thyo! Ndinaliwakha lisanafike pansi. (Palibe amene anandiyamikirapo pa zimenezi.)

A Suresh anathamangira kukatenga keke yoyenera, kundisiya pakhonde ndi ndege ya phiko limodzi. Munthu wamantha akanaibweza kukhitchini. Koma ine ndinati katunduyu ali ndi eni ake, ndipo eni akewo akudikira pompano. Ndinakankhira ngolo ku kachipinda ka a ku Ulaya.

Mkulu wawo anali bambo wowonda wa imvi, wa magalasi okhala kunsonga ya mphuno. Anayang'ana ndege yake. Anayang'ana phiko lili m'dzanja langa, litayamba kale kusungunuka.

"Zachitikira kuti zimenezi?"

Ine sindinama. "M'holo ya a ku Amereka, bwana."

"Ndege yathu imakatani m'holo ya a ku Amereka?"

"Amaijambula, bwana. Ndi kuiseka."

Mawu onsewa anali oona, palibe ndi limodzi lomwe limene ndinawonjezera. Bamboyo anavula magalasi, anawapinda bwinobwino, n'kutuluka, anzake a masuti ali pambuyo. Inenso ndinawatsatira ndi ngolo, poti keke sangaisiye yopanda woyang'anira. Pakhonde anakumana maso ndi maso ndi mayi uja, amene nayenso amatuluka ndi gulu lake kudzasaka amene wamuchititsa manyazi.

Mayi anati a ku Ulaya atumiza keke yawo mwadala kuti asokoneze mwambo wake. Bambo anati iwowo ndi amene aba keke n'kuithyola pamaso pa atolankhani. Posakhalitsa keke inaiwalika.

"Ndege zanu zimauluka ndi misonkho ya anthu anu!" anakuwa mayi.

"Nanga inu?" anatero bambo. "Zimene boma lanu limakupatsani kuseri zija mumazitcha chiyani? Mphatso ya Khirisimasi?"

Sabuside uku, sabuside uko, zala zili m'mwamba. A Tembo anafika akuthamanga kuchokera kukhomo, ndipo atandiona anayamba kupukusa mutu pang'onopang'ono, maso akundichonderera.

Koma abale, inu mukanatha? Anthu akuluakulu akulimbana pa nkhani imene iwe unaionera ndi maso mpaka mathero ake? Ndinalowa pakati pawo, phiko lili m'manja, n'kusonkhanitsa Chingerezi changa chonse cha folomu folo.

"Mabwana, pepani. Nkhaniyi ndi yaing'ono. Nonse awiri munalandira makuponi."

Ndinaona kuti sanamvetse, ndiye ndinayambira pachiyambi: malume a Gelesomu, a Yohane, feteleza, chimphepo. "Ndiye inunso tsiku lina denga lidzasasuka," ndinatero, ndikuloza mayi ndi phiko lija, kenako bambo, "ndipo tonse tidzaona matumba." Poloza kachiwiriko, kirimu anadontha n'kutera pa nsapato ya bamboyo.

Mayi anayang'ana bambo. Bambo anayang'ana mayi. Kenako onse awiri, ndi mawu amodzi ngati a kwaya, anati: "Manijala ali kuti?"

Mundimve bwino. Anthu amene makhoti analephera kuwagwirizanitsa zaka zonsezi anayenda limodzi mpaka ku ofesi ya manijala, bambo n'kumutsegulira mayi chitseko. Anakadandaula limodzi, wina akaiwala mfundo mnzake kumukumbutsa. A Tembo akuti pambuyo pake anawaona atakhala tebulo limodzi akumwa khofi. Ntchito imeneyo anaigwira ndani? Koma mawu oti zikomo sindinawamve.

Mawa lake anandiitana ku ofesi. Manijala anakhala kuseri kwa desiki, a Suresh ali chiimire pambali, maso pansi. Ndinkadziona kale ndikutsika basi pa Kamwendo ndi kachikwama kamodzi, ana akufunsa kuti adadi bwanji mwabwera msanga.

"Habibi," anatero manijala, mawu a Chiarabu otanthauza wokondedwa, "ukudziwa chimene unalakwa?"

"Phiko ndinathyola, bwana, ndipo pepani. Koma chitseko chija n'chopapatiza."

"Nanga zolankhula zija?"

Ndinkadziwa yankho limene ankafuna. Linali pakamwa penipeni. Koma limene linatuluka ndi lina.

"Zija ndiye sindingabweze, bwana. Analandira."

A Suresh anatsinzina.

"Nanga phikolo lili kuti?"

Phikolo tinali titalidya ndi a Tembo m'basi pobwerera ku kampu. (Linali la vanila. Pa nkhani ya kukoma, a ku Ulaya ndiwapatsa ulemu wawo.)

Amene anandipulumutsa ndi Mwarabu uja. Akuti anatumiza uthenga woti chiyambire kugula ndege sanasekepo chotero, ndipo munthu wa keke uja asachotsedwe ntchito. Manijala anamvera, koma mwa njira yake. Ntchito ndinatsala nayo, kungoti ananditumiza kochapira zovala, pansi penipeni pa hotela, kutali ndi alendo, kutali ndi makeke, ndi lamulo loti mawu oti makuponi asadzamvekenso m'nyumba imeneyi.

A Tembo amati ndiphunzirepo kanthu. Ndaphunzira: makeke azilembedwa mayina, zitseko azikulitsa. Zinazo ayi. Mutandibwezera pakhonde lija lero, ndikhoza kunenanso zomwezo, mwina n'kuwonjezera za mbuzi imene a Yohane anagulitsa, poti tsiku lija anandidula ndisanafikepo.

Lamlungu lotsatira ndikupinda matawulo, foni inalira. Anali mayi a kunyumba. Chithunzi chija, cha ine ndi ndege idakali ndi mapiko onse, chinali chitayenda m'mafoni mpaka kukafika kwathu.

"Abambo a Chisomo, takuonani!" anakuwa. "Mwaima pakati pa Mwarabu ndi mzungu, mukuloza ndege! Kutchalitchi aliyense wachiona, abusa mpaka anakutchulani m'pemphero. Bwanji simunatiuze kuti masiku ano mukugulitsa ndege?"

Ndinayang'ana mulu wa matawulo. Ndinayang'ana makina ochapira akuzungulira. Ndinapita pakona pomwe phokoso silimveka kwambiri, n'kukonza kukhosi.

"Zimenezi ndi nkhani za maboma, mayi," ndinatero. "Sitikamba pafoni."