Operadolo wa ku Moatize

Nkhani iyi mkazi wanga anandiletsa kuikamba pagulu. Akuti ana akukula, adzasowa poika nkhope. Koma kwathu kuno ku Matundo ndani sakuidziwa? Kuli bwino muimve kwa mwini wake, poti manyazi ake ndinameza kale.

Inali nthawi imene malasha anapengetsa anthu. Tete yense fumbi lokhalokha, zimagalimoto zitatsekereza mlatho wa pamtsinje waukulu, alendo atadzaza nyumba zonse. Ine ndinabadwira ku Angónia, ndinakulira ku Malawi pothawa nkhondo, ndipo malasha atatchuka ndinatsikira kuno ngati wina aliyense. Mwayi unandigwera. Ndinakhala operadolo kumgodi wa malasha ku Moatize, ndiye kuti woyendetsa chimakina chokumba chija cha mkono umodzi.

Mwayiwo sunachedwe kutha. Kontratu ya kakampani kathu itafika pamapeto, anatibalalitsa tonse. Ndinayenda m'maofesi mpaka nsapato zinayasama. Mkazi wanga Selina anali ndi pakati potopa, tikugona m'kachipinda ka mlamu wanga ku Matema, mlamuyo atayamba kale kundilankhula kudzera mwa ana ake.

Tsiku lina mayi Roza, oyandikana nawo nyumba, amene ankachapa nsalu pa kachipatala kena tsidya lathu lomwe lino la mtsinje, anandiitana.

"Amuna a Selina, kuntchito kwathu akufuna woyendetsa ambulansi. Ndakutchulani kwa akuluakulu. Mawa mupite, akakudikirani."

Kutacha ndinavala shati yoyera ya paukwati, ndinapukuta nsapato zoyasama zija, n'kukwera chapa, kaminibasi ka kuno.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Chipatalacho chinali ndi chipinda chatsopano chotumbuliramo odwala, koma wotumbula panalibe. Kampani ina ya malasha inali italonjeza kuwabwereka katswiri wake wa ku Moatize, ndipo ankamuyembekezera tsiku lomwelo. Dzina lake sanauzidwe. Tsono pa Chipwitikizi, kuyendetsa makina ndi kutumbula munthu mawu ake ndi amodzi: operar.

Pageti mlonda anandiyang'ana kuyambira kushati mpaka kuthalauza. Kunsapato sanafikeko.

"Shefi, bwana wanga, ndinu amene akukudikirani?"

"Ndine ndithu."

"A ku Moatize?"

"Eya, ndinali operadolo kumeneko."

Mlonda anachita sawasha! Anathamanga patsogolo panga akukuwa, "Afika! Afika!" Amayi amene anali pamzere wa sikelo anayamba kululutira. Mumtima ndinati, mayi Roza ali ndi mphamvu pano.

Anandilowetsa mu ofesi. Anandikhazika pampando wofewa, kunditembenuzira chopemerera mphepo, kunditsegulira botolo la refresko yozizira. Ine amene dzulo lake ndinamwa madzi otentha a mumgolo!

Munali anthu atatu. Woyamba kulankhula anali a diretora, mkulu wa chipatalacho, mayi wamfupi wa maso otopa. Atamva kalankhulidwe kanga anasiya Chipwitikizi.

"Ndinu a kwathu? Inenso ndine wa ku Tsangano. Ndinakulira mumsasa wa othawa nkhondo ku Ntcheu. Amayi anga anamwalira pobereka, pa ngolo, tikufuna chipatala. N'chifukwa chake ndinaphunzira ntchito imeneyi."

Anandionetsa mkulu wa imvi. "Awa ndi a Bonifasiyo, namwino wamkulu. Anali namwino wa asilikali. Asoka mabala pansi pa mitengo, mfuti zikulira."

Kenako bambo woonda wa kapa yoyera pamutu. "Awa ndi a Abudu, oyang'anira katundu ndi antchito. Kwawo ndi ku Nampula. Anasiya ntchito yabwino kudoko kudzavutika nafe kuno."

Ndinagwedeza mutu ngati munthu wozolowera misonkhano. Koma ndinadabwa kuti woyendetsa ambulansi amayenera kudziwa mbiri ya abwana onse.

"Tavutika, bambo," anatero a diretora. "Wodwala akafunika thandizo lalikulu timamuwolotsa mtsinje, koma mlatho mwauona nokha. Ena amathera pamzere wa magalimoto a malasha. Kubwera kwanu n'kuyankhidwa kwa mapemphero."

"Musadandaule, mayi. Ine dzanja langa ndi lachangu."

"Tiuzeni za inu. Munaphunzira kuti ku-operar?"

"Kunena zoona, kusukulu yake sindinapiteko. Ndinkangoonerera mzungu wina akugwira. Tsiku lina atatopa anati, tenga uyese. Basi, kuyambira pomwepo."

A diretora anaphethira. Koma a Bonifasiyo anamenya patebulo. "Ngati ine! Kunkhondo tinaphunzira choncho. Ntchito ili m'manja, osati papepala!"

Mawu amenewo anandipatsa mphamvu. Ndinakhala bwino pampando.

"Munkagwira zazikulu kapena zazing'ono?" anafunsa a Abudu.

"Zazikulu zokhazokha! Kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kutsegula, kukumba mpaka pansi, kuchotsa zonse zili m'katimo, kuunjika pambali."

"Zonse?"

"Zonse. Abwana ankakwiya ukasiyamo kanthu."

"Nanga potseka?" anafunsa a diretora, mawu atatsika.

"Kutseka si ntchito yanga, mayi. Kumeneko timangosiya potsegula. Akuti adzatseka ena m'tsogolo."

A Abudu anavula kapa, n'kuivalanso.

A Bonifasiyo anakhosomola. "Nanga imfa, shefi? Zinkachitika?"

"Ii, kufa ndiye kosayamba, makamaka kukatentha chonchi. Uli pakati pa ntchito, wangoona zii. Koma ine sindinkatekeseka. Kuthira madzi, kudikira kuti pazizire, kugogoda pang'ono ndi chitsulo, basi kudzuka!"

A Bonifasiyo anaseka mpaka kupukuta misozi. "Anthu a kumgodi nthabwala zawo n'zowawa!"

Inenso ndinaseka, osadziwa chimene tikuseka.

A Abudu sanaseke. "Ku Moatize mulipo angati odziwa ntchito imeneyi?"

"Ambirimbiri! Ena a ku Zimbabwe, ena a ku Joni. Tinachita kuchuluka mpaka ena tikungokhala."

"Mukungokhala!" A Abudu anagwira kumutu. "Ife kuno tilibe ndi mmodzi yemwe, inu mukungokhala!"

A diretora anali atandiyang'anitsitsa kwa nthawi. Ndikukhulupirira kuti mtima unkawauza zoona, koma munthu akadikira mvula nthawi yaitali, ngakhale utsi amauyesa mtambo. Anaimirira.

"Makalata anu tiona bwino lino. Pali bambo wina anabwera naye pa machira, chotupa pamimba, sakutha ndi kuima komwe. Mungomuona kaye, mutiuze maganizo anu."

Ndinati ahaa, mayeso afika. Akufuna aone ngati ndingamunyamule bwino mpaka kuchipatala chachikulu.

Anandisambitsa m'manja mpaka m'zigongono. Anandiveka mkanjo wobiriwira, chipewa, magolovesi, ndi kansalu kophimba pakamwa. Ndinaganiza za Selina, kuti akanandiona. Woyendetsa ambulansi wa masiku ano!

Tinalowa m'chipinda chowala, chonunkha mankhwala. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna makiyi a galimoto. Ndinangoona timipeni ndi timasizasi titandandalikidwa pathireyi. Pabedi panagona munthu akubuula, chubu cha madzi chili pamkono.

Nditayandikira ndinamuzindikira. Anali Juliyasi, amene ankayendetsa lole imene ine ndinkaipakira dothi kumgodi. Dzanja langa ankalidziwa bwino, chifukwa tsiku lina ndinaphonya n'kumutsitsira chimwala padenga la lole, iye ali momwemo.

Ndinakondwa kuona mnzanga. Ndinatsitsa kansalu kaja.

"Juliyasi! Ndiwe?"

Kubuula kunasiya.

"Limbani mtima, bambo," anatero a Bonifasiyo. "Katswiri wa ku Moatize uja ndi ameneyu. Akuonani, mwina n'kukutumbulani lero lomwe."

"Kunditumbula? Uyu?"

"Kumutumbula?" ndinafunsa inenso. "Ine?"

"Uyu ndi Fransisko wa chimakina chokumba!" anakuwa Juliyasi. "Lole yonse ankaiphonya, ndiye mimba yanga? Mayi wanga ine!"

Munthu amene anabwera pa machira anadumpha ngati mphaka. Anazula chubu, anakankha a Abudu, n'kutuluka liwiro, mkanjo wa odwala ukuuluka, kumbuyo kuli pamtetete.

Tinatsala anayi, titazungulira bedi lopanda munthu.

A diretora anakhala pansi pang'onopang'ono. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoyang'ana timipeni tija, timene tinali tisanagwirepo ntchito chigulireni, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wamva uthenga wa maliro.

"Bambo, mwabwera kudzatani kuno?"

"Ntchito ya ambulansi, mayi. Anandituma mayi Roza ochapa."

"Ya ambulansi tinalemba kale munthu. Mayi Roza tinaiwala kuwauza."

Maganizo anathamangira kunyumba. Ndinaona nkhope ya mlamu wanga, ndinaona mimba ya Selina. Ndinayamba kuvula magolovesi mwakachetechete kuti ndizipita.

"Musavule!" anatero a diretora. "Nthawi palibe. Munthu uja chotupa chikamuphulikira panjira afa. Mwamuthawitsa ndinu. Thamangani mukam'bweze!"

Ndinathamanga, abale. Mkanjo wobiriwira, chipewa, magolovesi, nsapato zikuwomba m'manja pansi. Juliyasi atacheuka n'kundiona ndikubwera choncho, anawonjezera moto kulowera kumsika.

"Ndithandizeni! Akufuna kunditumbula! Si dotolo, ndi wokumba malasha!"

"Ima, Juliyasi! Ufa!" ndinakuwa.

"Mwamva? Akuti ndifa!"

Amayi ogulitsa nsomba zouma sanafunse zambiri. Wina anandipinga mwendo, wina anandivundikira dengu kumutu, ena anabwera ndi zikuni. Pamene a Bonifasiyo ankafika, ali wefuwefu, n'kuti Juliyasi akumwetsedwa madzi pamthunzi ngati mfumu, ine ndili chagada m'fumbi, chipumi chitang'ambika.

Juliyasi anamuwolotsa mtsinje masana omwewo, ndipo anachira. Katswiri weniweni uja sanabwere tsikulo. Ndimamva kuti sanabwere n'komwe.

Ine anandibweza kuchipatala konkuja pa machira. Anandigoneka pabedi lomwe lija, a Bonifasiyo n'kuyamba kundisoka chipumi, a diretora atawagwirira nyali. Atamaliza, namwino wamkuluyo anabwerera m'mbuyo, kuyang'ana ntchito yake, n'kupumira m'mwamba.

"Mayi diretora, musalire. Chipinda chathu chatsegulidwa lero, ndipo woyamba kusokedwamo ndi katswiri yemwe."

Ulemu ukakukhwepa ngati malaya obwereka, uvule msanga. Mwini wake ndi wina.