Zikomo a Meya, Ukwati Wanga Mwautsekera M'kompyuta

Olemekezeka a Meya a tauni yathu,

Ine Ilarion Păduraru, mlimi wa njuchi wa zaka 68 wosadziwa kanthu, ndagwada kuti ndithokoze. Lamulungu likubwerali ndimati ndikwatire Safta, mayi wamasiye wa kuseri kwa chigayo. Koma wansembe sadalitsa ukwati popanda chikalata cha ku ofesi kwanu, ndipo chikalatacho chatsekeredwa m'kompyuta.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mtima wanu wogawana. Itafika kalata ya pakompyuta yochokera kwa munthu wosadziwika, yoti "Onani zithunzi za a Meya akuvina", simunachite mwano. Munaitsegula, ndipo zithunzi zitakana kuoneka munaitumiza kwa alembi anu onse kuti nawonso ayese. Akuti vayilasi ya pakompyuta siithyola chitseko, imadikira munthu waulemu aitsegulire. Pofika masana inali itakhoma mafayilo onse, a obadwa, a akufa ndi a ife ofuna banja, n'kulemba kuti kiyi ngwogula.

Chachiwiri, kwa zaka zinayi makompyutawo akhala akupempha pulogalamu yatsopano yowateteza, inu n'kumangodina "mawa". Kuona maso a nkhono n'kudekha, bwana, ndipo tawaonadi. Nkhokwe yosungiramo makope a mafayilo munailumikizanso ku kompyuta yomweyo kuti isasungulumwe. Zadwalira pamodzi.

Chachitatu, Lachiwiri munaitana wansembe wathu, bambo Gherasim, kudzawaza makompyuta madzi oyera. Ndinalipo, ndinaimba nawo. Kompyuta ya mlembi wanu Lenuța inafuka utsi n'kuzima, ndipo ndi yokhayo imene vayilasi yaisiya.

Bwana, Lamulungu likangodutsa tikulowa m'nyengo yosala kudya yokonzekera Khirisimasi, tchalitchi sichidalitsanso ukwati mpaka Januwale. Safta wandiuza maso ndi maso: "Iwe Ilarion, pamsinkhu wangawu Januwale ndi kutali. Costache nayenso akundifuna, ndipo ali ndi thirakitala, komanso mano ake onse." Ndili ndi mantha, sindikubisirani. Mayiyu ndimamukonda, ndipo sanena zocheza.

Pempho langa ndi laling'ono. Mundipatseko keyala ya akuba amene anatumiza vayilasi ija. Poti mabuku onse a tauni ali m'manja mwawo, ndiye kuti ofesi yasamukira kumeneko, ndipo ndamva kuti iwo amayankha kalata tsiku lomwelo. Ndikawapempha ndekha chikalata changa. Inu pumulani, mbali yanu mwaigwira.

Ine wantchito wanu, mbeta mpaka pano,
Ilarion Păduraru