Dzanja la pa Chikwangwani

Lolemba

Andisankha! Ineyo! Madamu Nakoma, patironi wa kalabu yathu ya zaulimi, akuti kalabu ikufunika logo, ndipo wojambula ndine. Chifukwa chake n'chakuti mu Fomu 3 yonse ndine ndekha amene ndikajambula ng'ombe anthu safunsa kuti galuyu ndi wa ndani.

Logoyo ikapentedwa pa chikwangwani cha pageti, choyang'ana msewu umene otchola tiyi amadutsa popita kumunda. Ine ndipereke Lachisanu, wopenta abwera Lamulungu.

Zida zanga:
– pepala limodzi loyera, lokhuthala, la Madamu. "Ndi lomweli. Ukaliwononga ujambula pa tsamba la nthochi."
– pensulo yaifupi kuposa chala changa
– kachidutswa ka labala (kwinako ndinatafuna pa mayeso a masamu)
– mutu

Khasu? Sukulu iliyonse ili ndi khasu. Chimanga? Chathu chaka chino n'chochititsa manyazi.

Madzulo amayi afika kuchokera ku esiteti, atanyowa ndi chiperoni. Akhala pakhonde, akuchotsa timasamba totsalira m'dengu. Ndiye ndaliona dzanja lawo. Zaka zonsezi landisambitsa, landimenya, koma sindinaliyang'anepo. Chala chachikulu chakuda bii ndi madzi a tiyi. Cholozera chopindika ngati mbedza. Chipsera cha mpeni wodulira tiyi kuyambira pa mfundo mpaka pamkono. Ming'alu yosawerengeka.

Ndawapatsa kamphukira, masamba awiri ndi nsonga, kuti agwire mmene amagwirira potchola. "Dzanja ili? Zojambula zatha padziko?" Akutero koma agwira, osagwedezeka mpang'ono pomwe, mpaka nyemba zapserera pamoto.

Ndajambula zonse, ngakhale chikhadabo chong'ambika. Sindinajambulepo chinthu chabwino chonchi. Amayi ayang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Ndi langadi." Tadya nyemba zowawa mosangalala.

Lachiwiri

Madamu atembenuza pepala uku ndi uku. Akuti luso lilipo. Luso lilipo! Ndalemba mawuwa pachikuto cha kope la Bayoloje kuti ndisawaiwale.

Kenako "koma". Aphunzitsi sangayamikire popanda "koma", amaopa kudwala.

"Koma chalachi n'chakuda kwambiri. Anthu aziti kalabu yathu sisamba m'manja. Nanga nthawi ya kolera ino? Yeretsa pang'ono."

Ndikufuna kuwauza kuti si litsiro limenelo, ndi tiyi, ndipo sopo yense wa mu Thyolo muno sangachotse. Pakamwa pangotuluka "Chabwino Madamu."

Ndafufuta. Pang'ono chabe. Ming'alu iwiri yapitira limodzi. Palibe vuto, dzanja likadali lomwe lija.

Kunyumba ndapeza nkhani yafika kale patali. Amayi auza gulu lonse limene amatchola nalo. Auza kapitawo. Auza wa pasikelo. Woyendetsa thirakitala yonyamula masamba wamva, ndiye kuti pofika mawa ndi ku fakitale komwe adziwa. Anzawo awiri apamtima, a Esinati ndi a Felesiya, abwera kudzaona pepala. Ndanama kuti latsala kusukulu, chikhalirecho lili m'chikwama chomwe ndakhalira.

A Esinati akuti, "Kalabu ya mpira ikadzafuna phazi, langa lilipo. Lili ndi zala zinayi koma ndi lamphamvu."

Amayi akuseka mpaka kutsokomola. Sindikumbuka tsiku limene anasekapo chonchi.

Lachitatu

Tsiku loipa. Ndilembe msanga lichoke m'mutu.

Msonkhano wa kalabu, pansi pa bulugama. Madamu kulibe, ndiye akutsogolera ndi Prisca, tcheya wathu, mwana wa kalaliki wa ku ofesi ya esiteti. Ameneyu tiyi amangomudziwa m'kapu. Wakweza pepala langa m'mwamba ndi zala ziwiri.

"Ili ndi dzanja kapena phazi la nkhuku?"

Phwete! Kalabu yonse. Ndipo amene akuseka kwambiri ndi ana anzanga a m'malayini, nyumba za antchito a esiteti, amene dzanja lotere limawagawira chakudya tsiku ndi tsiku. Pasukulu pathu pali mwambo: ukafunsidwa ntchito ya makolo umati "ali ku fakitale". Tonse. Zikanakhala zoona bwenzi tiyi akudzitchola yekha n'kukwera thirakitala.

Kenako Prisca wafunsa, "Ndi la ndani kodi? Wakopera kwa ndani?"

Maso onse pa ine.

Ndayankha kuti, "La munthu aliyense ayi. Ndangopeka."

Ndangopeka! Mawu atuluka okha, osapunthwa n'komwe, ngati ndinawaloweza. Ndikuchita manyazi mpaka pano.

Zimene kalabu yagwirizana, pokweza manja:
– chala cholozera chiwongoledwe
– chipsera chichoke (akuti chikuoneka ngati nyongolotsi)
– chikhadabo chikonzedwe
– zala zinenepe, "tisaoneke ngati kalabu ya njala"

Otsutsa palibe. Langanso dzanja linali m'mwamba. Sindikudziwa analikweza ndani.

Chala chimene zaka makumi awiri za tiyi zinapinda, ine ndachiwongola belu la masana lisanalire.

Lachinayi

Pepala lapita kwa a hedi kuti avomereze. Ndaitanidwa ku ofesi. Avala magalasi, avula, avalanso.

Mfundo zawo:
1. Masambawa ali ndi mano m'mbali. Munthu wodutsa panjinga aziona ngati chamba. Sukulu ino siifuna apolisi.
2. Ngakhale akhale tiyi, ife si esiteti kuti tiziwatsatsira malonda.
3. "Makolo amakutumizani kuno kuti muthawe dengu. Ndiye inu mukufuna tilipachike pageti?"
4. Ulimi wamakono ndi wa pepala. Dzanjalo ligwire cholembera.
5. Livalenso wotchi, ana aphunzire kusunga nthawi.

Kalabu ya zaulimi, logo yake cholembera ndi wotchi. Mbewu palibe, dothi palibe. Ndafunsa mwaulemu ngati ndingasiyeko katsamba kamodzi pakona. Akuti ndikaike kadzuwa kakutuluka, ndi chizindikiro cha tsogolo.

Ndafufuta masamba awiri ndi nsonga. Pepala layamba kupyapyala, ukaliika kudzuwa kuwala kukudutsa. Pamene panali chala chachikulu pabooka kabowo, ndamata ndi phala kumbuyo.

Ndinaganiza zojambulanso loyamba lija pa pepala la m'kope, ndisunge. Ndayesa kanayi. Sizikutheka popanda mwini wake kukhala patsogolo panga, ndipo ndiwapempha bwanji? Afunsa kuti loyamba lija lapita kuti.

Pulani yatsopano: ndiwauze amayi lero lomwe.

Afika mochedwa, sikelo inali ndi mzere wautali. Msana ukuwawa, ndawapaka mankhwala. Ali chigonere pamphasa akuti, "Lero kapitawo wandikalipira kuti ndasakaniza masamba okhwima. Ndangomuonetsa dzanja, ndati samalani, ili likupita pa chikwangwani."

Ndiwauza mawa.

Lachisanu

Ndapereka. Madamu akuti, "Waona? Tsopano likuoneka ngati la munthu." Prisca akuti wotchiyo ikufanana ndi ya bambo ake, ndiye wakondwa ngati logo wajambula ndi iye.

Ndaliyang'ana komaliza. Losalala, lonenepa, zikhadabo zozungulira. Dzanja limene silinagwirepo ngakhale tsache. Silikufanana ndi la wina aliyense amene ndimamudziwa, mwina la mkazi wa pa kalendala ya ku chipatala.

Njira yonse yobwerera ndikukonza mawu. "Amayi, a hedi asintha." Zoona, koma si zonse. "Amayi, anzanga anaseka." Afunsa kuti nanga iwe unati chiyani. "Amayi, chikwangwani chalephereka." Bodza limeneli lifa Lolemba m'mawa akamadutsa pageti.

Ndafika ndapeza chipwirikiti cha kukonzekera Sabata. Kusita, kutunga madzi, kuphikiratu za mawa. Munthu ungayambe nkhani yotere wina atanyamula ndowa pamutu? Ndadikira atule. Atula, atenga ina.

Dzuwa lalowa, Sabata layamba. Tayimba, tapemphera. M'pemphero amayi athokoza Mulungu chifukwa cha "mwana amene sachita manyazi ndi make". Ameni wanga ndangomunong'oneza.

Pa Sabata sitikamba zokhumudwitsa. Lamulo limeneli mulibe m'Baibulo, ndalipanga ndekha lero.

Sabata

Kutchalitchi. Amayi avala diresi yoyera ija ya masiku akuluakulu. Masiku onse popereka moni amabisa dzanja, amangogunditsa nsonga za zala n'kubweza msanga. Lero akulipereka lonse, mpaka kugwedeza. Mkulu wa mpingo akuti, "Tamva, tamva! Tiligwire lisanayambe kudula."

Ndiye kuti mpingo wonse ukudziwa. Zikomo a Felesiya.

Ulaliki sindinamve ngakhale mutu wake. Ndili kalikiliki ndi pemphero langa. Zopempha:
– mvula igwe mawa kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo
– wopenta adwale, osati kwambiri, chimfine chabe
– minibasi yake yochokera ku Bvumbwe iphulike tayala, anthu osavulala
– penti aume m'chitini
– zikakanika zonsezi, ndipatseni pakamwa

Mvula yagwa tsiku lililonse kwa masabata atatu. Nsapato zanga zamera nkhungu. Sindikupempha chozizwitsa, ndikungopempha kuti zinthu zipitirire mmene zilili.

Masana tikudya pansi pa mtengo ndi amayi a gulu la Dorika la kutchalitchi. Amayi akupangana ndi a Esinati ndi a Felesiya kuti mawa akatha kuchapa apitire limodzi kusukulu. "Tikaone lisanayambe kuchita fumbi." A Felesiya akuti abwereka foni ya mlamu wawo, ili ndi kamera.

Pobwerera tatsala awiri m'kanjira ka pakati pa tiyi. Mpata ndi umenewu. Ndatsegula pakamwa, ndati, "Amayi." Atembenuka, nkhope yowala. "Ee?"

"Mwaponda matope."

Lamulungu

Kumwamba kuli mbee. Mtambo ngakhale umodzi. Wopenta ndi wathanzi, wafika m'mawa, pofika masana wamaliza.

Tapita anayi. Ine kumbuyo ngati mbuzi yopita kumsika.

Chikwangwani n'chachikulu kuposa chitseko. Dzanja lofiirira, losalala, lonyezimira penti. Cholembera. Wotchi yagolide. Kadzuwa. Wopenta waonjezapo mphete mwa ufulu wake. Pansi pake, zilembo zoyera: dzina langa, ndi Fomu 3. Palibe pothawira.

Taima. A Felesiya akweza foni, aitsitsa osajambula.

A Esinati ayesa kutithandiza. "Anzathu, wotchi imeneyi mumaibisa kuti masiku onsewa?" Aseka okha, pang'ono, kenako asiya.

Amayi ayang'ana chikwangwani. Ayang'ana dzanja lawo, kunja ndi m'kati. Ayang'ananso chikwangwani. Kenako alowetsa manja onse awiri m'chitenje.

"Lakongola," atero. "Mwana wanga amatha kujambula."

Ndimayembekeza kukalipiridwa. Ndinakonzeka ngakhale khofi, ndipo ndikanalilandira ndi mtima wonse. Palibe. Anzawo apatukira kwawo msanga, akuti asiya zovala padzuwa. Ine ndi amayi tayenda mpaka pa mlatho. Pamenepo ndi pamene ayankhula, motsitsa, osandiyang'ana.

"Ukanandiuza tsiku lija, mwanawe. Ndikanayamba ndasamba bwinobwino, sukanavutika n'kukonza."

Tawoloka mlatho, tafika kunyumba.

Panopa ali kuseri kwa nyumba ndi beseni. Ndikumva mwala ukukhula dzanja, ukukhula. Kuda kwa tiyi sikuchoka, ndipo akudziwa.

Mawa m'mawa adutsa pageti ndi gulu lawo lonse, madengu kumsana. Ine Madamu akuti ndifike msanga, ndikaime kutsogolo pa asembule, sukulu yonse indiwombere m'manja.