Baji Imene Anandilembera Wamaboti

Yunifolomu imene ndinavala Lolemba limenelo ndikadali nayo, koma siivalikanso. Pachifuwa pali chibanga chofiira chimene chakana sopo wamtundu uliwonse, ndipo aliyense akachiona amafunsa kuti anandibaya ndani. Palibe anandibaya. Ndinadzichita ndekha, ndili maso.

Ndine namwino pa kachipatala kena m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, kwathu ndi ku Dedza. Nditagwira ntchito zaka zingapo ndi dipuloma, ndinabwerera kusukulu kukatenga digiri. Amene anaphunzirapo ali pabanja, ana awiri akukoka chitenje uku iwe ukuloweza maina a mitsempha, akundimvetsa. Ndiye nditabwerako n'kupatsidwa baji ya kuntchito, kapulasitiki kolembedwa dzina langa ndi mawu amodzi okha akuti "Namwino", mtima unandiwawa zedi. Thukuta lonse lija, ndingokhala chomwe ndinali kale?

Ndinapita kwa a Inchaji athu, mayi Kamwendo, amene agwira unamwino kuyambira ine ndisanamere mano.

"Amayi, sizingatheke kuwonjezerapo tizilembo titatu tokha? BSc basi."

"Odwala amafuna jakisoni wosawawa, osati zilembo," anatero osakweza n'komwe mutu. "Ine mapepala ndili nawo odzaza sutikesi. Munawaonapo pachifuwa panga?"

Pakamwa ndinati, "Ayi, amayi." Mumtima ndinati nsanje basi. (Ambuye andikhululukire, pano ndaulula.)

Kugombe kuno kuli bambo wina, Che Saidi, amene amalemba maina pa maboti a asodzi. Loweruka ndinamupeza ali chogwada pamchenga ndi zitini zake za penti. Nditamufotokozera, anapukusa mutu.

"Anesi, tizilembo ting'onoting'ono ine sinditha. Dzina limafunika liziwerengeka munthu ali pakati pa nyanja."

Tinakambirana mpaka tinagwirizana za kathabwa kakakulu ngati sosala. Lamulungu masana anandibweretsera. Zilembo zofiira psuu, dzina langa pamwamba, BSc pakati, uku ndi uku nsomba yopinda mchira. Kumbuyo anamangirirako mapini awiri a thewera ndi waya. Ndipo m'munsi anawonjezera mawu amene sindinamutume: ANSANJE MUTOPA.

"Nanga izi, Che Saidi?"

"Boti silipita pamadzi lopanda mawu, anesi. Koma muisiye masiku atatu iume. Penti imeneyi ndi yamafuta."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanati fufutani. Ine ndinawawerenga mawuwo kawiri, ndinakumbukira nkhope ya a Inchaji, ndipo anandikomera. Za masiku atatu zija ndinazimva bwinobwino, koma Lolemba ndi tsiku la sikelo, pamene amayi amadzaza bwalo lonse ndi ana awo. Digiri ikaonekere Lachinayi, kwa anthu asanu odwala malungo? Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Ndinalowa pachipata ngati mkwatibwi. Anzanga anangoti kukamwa yasa. Kathabwako kanali kolemera moti kolala inapendekera mbali imodzi, ndiye ndinkayenda phewa lamanzere nditalikweza. Kunali kutentha kwa mu Okutobala, kumene ngakhale mbuzi zimasowa pothawira, ndipo pofika teni koloko ndinkanunkha ngati boti latsopano. Penti inayamba kufewa. Kamwana kena ndikukakweza pasikelo kanagwira bajiyo, n'kupaka dzanja pankhope pake ndi pa yunifolomu yanga. Mayi wake ataona kufiirako anakuwa, "Mayo, magazi! Mwamutani mwana wanga?" Bwalo lonse linaimirira. Zinatenga nthawi, sopo ndi kupepesa kochuluka kuti akhulupirire kuti ndi penti.

A Inchaji anandiitanira m'chipinda chomangira zilonda. Anavala magalasi, n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono ngati mwana wa Sitandade 1.

"An-sa-nje mu-to-pa. Ansanjewo ndani pano?"

"Ndi mawu a pamaboti chabe, amayi."

"Ndiye inu mwasanduka boti? Chotsani pompano. Mukatha mundilembere kalata yofotokoza zimenezi."

Ndinachita manyazi moti ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinayamba kulimbana ndi mapini aja, koma Che Saidi amamanga zinthu zoti zipirire mwera. Waya anali atakola ulusi wa yunifolomu. Ndili mkati mokoka, panja panamveka phokoso, ndipo mayi wina analowa akukankha mwamuna wake, bambo wachikulire, msodzi, dzina lake Che Bwanali.

Dzanja lake lamanja linali litatupa ngati papaya. Mbedza inamulowa m'chikhatho masiku anayi apitawo, anaichotsa yekha ndi mpeni, n'kumangapo kansanza. Thupi linali moto, ndipo kufiira kunali kutayamba kukwera mkono. Ine ndi a Inchaji tinangoyang'anana. Munthu ameneyu ankafunika jakisoni pompo, kenako ambulansi ya kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Kupanda kutero dzanja likanapita, mwinanso mwini wake yemwe.

"Kuboma ine ayi," anatero. "Kumeneko amadula. Ndipatseni mapilitsi, anzanga akundidikira, boti likupita ku Mbenji masana ano."

A Inchaji anamunyengerera, anamuopseza, anamunyengereranso. Mkazi wake analira. Bamboyo anangoimirira, n'kutenga chipewa chake. Ndinamva mantha enieni, chifukwa ku Mbenji ndi kuchilumba, ife akazi sitipondako, ndipo ndinadziwa kuti akangokwera botilo sitimuonanso ndi manja awiri. Ndinaima pakhomo kumutsekera njira. Iye anaima, maso ali pachifuwa panga.

"Nsomba iyo ndi ya Saidi."

"Eya, bambo."

"Anakulemberani yekha, ndi dzanja lake?"

"Yekha."

Anatembenukira kwa mkazi wake. "Saidi salembera chinthu chachabechabe. Mlamu wanga anamukanira kumulembera boti chifukwa matabwa anali ofumbwa. Langa analemba, ndipo walahi, zaka zonsezi silinamwepo madzi." Kenako anandiloza ndi dzanja labwinolo. "Palembedwa chiyani apo?"

Abale, nthawi yanga inali itakwana. Ndinawongola phewa. "Apa palembedwa kuti ndili ndi digiri ya unamwino, imene ndinakaitenga ku..."

"Zimenezo ine sindizidziwa. Inu a Saidi anakuvomerezani, ndiye ndiuzeni zoona. Dzanja ili alidula?"

Digiri yanga inathera m'malere chomwecho. Koma funsolo ndinkalidziwa yankho lake, ndipo ndinkalidziwa chifukwa cha sukulu yomweyo. Ndinamuonetsa pamene kufiira kwafika, ndi pamene kukafike mawa akapanda kuthandizidwa. "Mukapita kuboma lero, mwayi ndi waukulu kuti mubwera nalo. Mukapita ku Mbenji, dzanjali silibwerako. Mwina inunso."

Anayang'ana dzanja lake lotupalo. Kenako anavula chipewa, n'kukhala pabenchi.

"Bayani. Koma mubaye inuyo."

Ndinamubaya jakisoni kathabwa kakugunda paphewa pake, penti ikumupaka malaya. A Inchaji, amene mphindi zochepa zapitazo ankafuna kundidya wamoyo, ndiwo ankandipatsira thonje, uku akuimbira foni ambulansi. Palibe ananena za kalata.

Patatha milungu iwiri Che Bwanali anatulukira pasikelo, dzanja lili m'mwamba, akugwedeza zala zonse zisanu kuti bwalo lonse lione. Kunena zoona ndinalira pang'ono, ndinanamizira fumbi. Anauza amayi onse kuti pano pali nesi wa Saidi, ndipo dzina limeneli landikanirira mpaka lero. Za BSc palibe ndi mmodzi yemwe amazitchula.

Madzulo ake a Inchaji anandiitana. Kathabwa kaja, kamene tinachita kukadula ndi sizasi pamodzi ndi chidutswa cha thumba la yunifolomu, kanali patebulo pawo, katauma tsopano.

"Pachifuwa muzivala ya boma, ngati anzanu onse," anatero. "Maganizo anga sanasinthe."

"Chabwino, amayi. Iyi ndikataye?"

Anaitembenuza, anawerenganso mawu a m'munsi aja, ndipo ndinaona milomo yawo ikulimbana ndi kuseka.

"Ayi. Ikani m'kabati ya mabandeji. Asodzi amakani sanathe."

Ili momwemo mpaka pano, ndipo taitulutsapo kale kawiri. Anthu amati ndinaphunzirapo kudzichepetsa. Mwina. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'chipatala chonse chino, digiri imene imasungidwa pamodzi ndi zipangizo zothandizira odwala ndi yanga yokha.