Ndevu za Chilombo Zinali Zanga

Ananditengera ulusi wonse umene ndinapota chaka chatha, ananditengeranso kalulu wamphongo, ndipo wolakwa pa nkhaniyi akuti ndine.

Sukulu ndinalekera Fomu 3. Musandifunse chifukwa, mukuchidziwa. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyenda m'maganyu, amene timati maricho, m'mapuloti a kuno ku Banket, kuthyola fodya wa eni mpaka manja kuda bii. Mai Tendai, amene ndinkawagwirira kawirikawiri, anali ndi akalulu achilendo, oyera, aubweya wautali, oti ukawaona sudziwa kumene kuli mutu. Amawatcha angora. Nyamakazi itawagwira zala, anandipatsa wamphongo yekhayo amene anali naye ndi aakazi angapo, nandiphunzitsa kuwapesa, kuwameta ndi sizasi, ndi kupota ubweyawo pa kamtengo kobaya pa chivundikiro cha botolo.

"Ukadzaza chidebe ichi, mwanangu, ku Harare kuli mayi woluka zipewa za makanda, agula wonse. Ndalama zake ukalembetsere mayeso ako aja."

Mayesowo ndiwo anandipusitsa. Akalulu amenewa si ziweto, ndi mabwana. Kutentha safuna, ndinachita kuwasamutsira mu balani yakale ya fodya. Ukapanda kuwapesa, ubweya umamangana ngati chiguduli. Akaumeza podzinyambita, mimba imatseka. Ine wosalawa kanthu m'mawa, ndinkadzuka kukawathyolera chisoso. Madzulo ndinkakhala pakhonde kupota, anzanga popita ku mpira akufuula, "Gogo, mutilukireko juzi!" (Mmodzi ndinamuswa mlomo. Enawo anayamba kufuulira patali.)

Denga la kwathu limadontha, choncho chidebe chija ndinakasungitsa kwa a Malume, alongo awo a amayi anga.

"Siya pompo, mphwanga. Muno ngakhale khoswe amayamba waodira."

Kenako pakomboni panagwa maliro a mkulu wina wa kudambwe. Munthu wotere kwathu kuno saikidwa ndi nyimbo za tchalitchi zokha, gule amatuluka. Tsiku loika, ng'oma zili pakati, fumbi lili koboo, kunatulukira chilombo chokalamba, choyenda chowerama ndi ndodo, tsitsi loyera mbee lofika m'mapewa, ndevu mpaka pamchombo. Azimayi nthungululu. Ngakhale Ashona obwera kudzaonera gule, amene iwo amati zvigure, anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, chitsiru ine. Ndevuzo zinkauluka mokongola zedi.

Chitayandikira, ndinaona timfundo. Ulusi wanga woyamba unali ndi timfundo tonenepa ngati nkhupakupa, poti dzanja linali lisanazolowere, ndipo tonse tinali apo, pachibwano pa chilombo. Ndinayang'ana pansi. Chala chachikulu chakuphazi chopindika, chimene ndakhala ndikuchiona moyo wanga wonse chitasuzumira pa patapata.

Tsono mvetsani. Kudambwe ndinalowa ndili wamng'ono, malamulo ndimawadziwa. Chilombo ndi chilombo, chimachokera kumanda, chilibe dzina, chilibe mphwake. Koma mutu unatentha, pakamwa panatseguka pokha.

"A Malume! Ubweya wangawo!"

Ng'oma zinaleka ngati magetsi azima. Azimayi ena anagwira makutu, ena anabisa nkhope m'zitenje mapewa akugwedezeka. Amayi anga anangokhala pansi pafumbi pomwepo.

"Mayo ine, mwana uyu wandipha!"

Chilombocho chinandiyang'ana, chinawongoka, chinakweza ndodo, ndipo ndinazindikira kuti nkhalamba ija imathamanga. Tinadutsa m'munda wa fodya, ine patsogolo, ntchito yanga ya chaka chonse pambuyo, ikukodwa mu minga ndi mu waya. (Ina idakali pomwepo. Mbalame zikumangira zisa.)

M'mawa mwake akuluakulu anandiitana. A Malume anakhala nawo pamzere, atavala jekete, nkhope ya munthu woti dzulo anachezera ku Chinhoyi.

"Ine ndikungofuna ulusi wanga," ndinatero.

"Unauona ndi ndani?" anafunsa mkulu wa bwalolo.

"Ndi chilombo."

"Ndiye ukachifunse kumanda. Ife takuitanira pakamwa pakopo."

Mlandu wotere munthu amalipira nkhuku. Nkhuku ndilibe. A Malume, mwa chifundo chawo, anakumbutsa bwalo kuti mwanayu ali ndi tsuro, kutanthauza akalulu anga aja. Ndinagwada, ine amene sindigwadira munthu, kupempha kuti atenge wamkazi. Akuti mlandu wa amuna sulipidwa ndi chiweto chachikazi. Anatenga wamphongo uja, yekhayo wa mtundu wake dera lonse lino.

Ndinathamangira kwa Mai Tendai. Anangokweza manja awo opindikawo.

"Za zvigure ine sindilowerera, mwanangu. Ndikufuna kufa ndi matenda angawa."

Kulembetsa mayeso kunatsekedwa ine ndili m'fodya. Aakazi aja alipo, akudya, akukalamba, ndipo sadzaswa. Pakomboni ana akandiona amagwira zibwano zawo nkumathawa.

Sabata yatha a Malume anandipeza ndikupesa mmodzi. Anaima pakhomo pa balani akutokosa m'mano ndi kaudzu.

"Katsuro kako kaja nkachinyengo, mphwanga. Ubweya wokhawokha, nyama yake yosakwana ndi pakamwa pomwe." Anasisita amene ndinamugwirayo ngati akusankha nsalu. "Nanga awa umeta liti? Mwezi wamawa tikuumba chiliza, ndipo ndamva kuti azimu akufuna ndevu zina."

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinawauza, mokweza, azimayi akudutsa ndi nkhuni, mbali ya thupi lawo imene azimuwo angakametepo ndevu zaulere.

Andiitananso Loweruka. Akuti ulendo uno wamkazi alandira.