Puleni ya Bambo a Esinati

Lolemba, 6 Okutobala 2008

Denga lapezeka! Nthawi yonseyi linali pansi pa bedi.

A Nyirenda, akalaliki a ku ofesi ya esiteti, abwera kudzandikumbutsa kuti nyumba ya kampaniyi ndituluke mwezi uno, poti kalipentala wawo anatisiya. Ndikukoka katundu wa pansi pa bedi kuti aone kuti ndayamba kulongedza, iwo maso pa puleni ya malemu amuna anga, bambo a Esinati, ija ankapalira matabwa. Akuitembenuza, akuwerenga zilembo za pachitsulo, akuimba likhweru. "Mayi, iyi ndi yakalekale. Azungu amalimbirana zoterezi pa intaneti." Ati ndalama yake ingagule malata a nyumba yanga ya ku Kapichi, imene yangoima zipupa zokhazokha.

Zakale zina zimene ndili nazo, ngati azunguwo akufuna:
- ketulo yodontha
- mpando wa miyendo itatu
- ine ndemwe

Lachiwiri, 7 Okutobala

Mtengo. A Nyirenda akuti nditchule ndine. Nditchula bwanji? Ine ndimadziwa mtengo wa nthochi ndi nandolo. Pa kompyuta yawo akundionetsa abale ake a puleniyi: ina mapaundi makumi awiri, ina mazana atatu, koma nkhope imodzimodzi! Ndasankha mazana atatu. Manyazi sagula malata. Ati adzaijambula Lachinayi.

Tsiku lonse ndikufolera nyumba m'mutu, mpaka khonde. Bambo a Esinati ankalifuna khondelo, kuti akadzapuma ntchito azidzakhala pamenepo n'kumaonerera ena akuthyola tiyi. Sanafike popuma.

Lachitatu, 8 Okutobala

Chinthu chopita kwa alendo sichipita chakuda. Ndikachititse manyazi amuna anga ku Ulaya? Ayi ndithu. Mchenga, phulusa, mandimu. Kukwecha! Tsopano chitsulo chikuwala kuposa mapoto a Mayi Busa. Zilembo zija zafufutikako pang'ono, koma ukhondo ndi ukhondo.

Chogwirira chokha ndachisiya. Pali kadzenje kakuda pomwe pankakhala chala chawo chachikulu. Ndayandikiza mchenga, dzanja lakana. Ndiona mawa.

Lachinayi, 9 Okutobala

A Nyirenda agwira mutu. "Mayi, mwatani? Dzimbiri lija ndiye linali ndalama!"

Ha! Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikukwecha chuma n'kumachitaya kudzala? Bwenzi pano ndili bwana. Azungu ndi anthu ovuta. Muja ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa manejala, kadontho kamodzi pa supuni inali nkhondo. Lero ati ndibweze litsiro.

Tajambula choncho. Mazana atatu afufutidwa, talemba makumi asanu. Khonde lagwa lisanamangidwe. Kenaka magetsi thii, chithunzi chili m'njira. Kaya chafika ku Ulaya, kaya chatsakamira pa Limbe.

Lachisanu, 10 Okutobala

Chafika. Ochiona ambiri, wogula zii, ngati pamsika wa pa Boma pakati pa mwezi. A Nyirenda ati mzungu mmodzi yekha wafunsa: kodi imapalabe?

Funso lachipongwe. Ndatenga kathabwa ka mkungudza kamene anasiya bambo, ndakankha monga ankachitira. Fwiii! Kanyenyeswa kakupotana, kakugwa pansi, fungo lija ladzaza nyumba. Ndi fungo la malaya awo akaweruka, lomwe ndinkadandaula kuti silichoka ndi sopo. Ndakhala pansi. Ndawasowa bambo awa, ndawasowa kwambiri, ndi kung'ung'udza kwawo kwa m'Chilomwe thabwa likakhota.

Ndapala mpaka kathabwa katsala ngati bisiketi. Yankho ndaiwala kukapereka.

Loweruka, 11 Okutobala

A Nyirenda pakhomo, pepala m'manja. Mzungu uja sanadikire, walembanso. Ati chitsulo chaonongeka ndi kukwecha, komanso n'cholemera, kupositi kungadye ndalama yonse. Akufuna chogwirira chokha. Ati anachisema ndi mtengo wosowa, ndipo mwamwayi palibe anachikhudza.

Palibe anachikhudza! Zaka makumi atatu chili m'dzanja la munthu!

Ndalama yake ikwana malata a chipinda chimodzi, chogona. Si zochepa, mvula ili pafupi. "Ndi bawuti imodzi basi, mayi, mumasule." Ndagwira kuti ndimasule, chala changa chalowa chokha m'kadzenje kaja.

Ndawauza kuti bawutiyo yachita dzimbiri, yakana. Akuyang'ana bawuti, ikuwala mbee ndi mchenga wanga wa Lachitatu. Akuyang'ana ine. Akupinda pepala lawo. "Zoonadi, mayi. Yakana."

Lamulungu, 12 Okutobala

Potuluka m'tchalitchi ndafunsa mtengo wa udzu. Alamu anga a ku Nchilamwela ati adzafolera sabata yamawa, bola thobwa likhalepo. Mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Mulanje. Nyumba idzadontha, ndikudziwa, ndipo mwana wanga Esinati akamva adzandikalipira pafoni mpaka mayunitsi atha.

Ketulo ndi mpando zikwera galimoto ya kampani. Ketuloyo ithandiza, ndizidzatchera madzi odontha, iyo n'kumadonthanso. Puleni ndinyamula ndekha pamiyendo.

Ndayesanso chala m'kadzenje kaja. Changa sichidzaza. Anali ndi manja aakulu bambo aja.